Khama langa kapena chisomo chake? Kuyerekeza njira zimene Akhristu timayendamo

Funsani Mkhristu aliyense kuti anapulumutsidwa bwanji, ayankha mosachedwa kuti ndi chisomo. Yankho limeneli tonse tinaliloweza. Koma zimene munthu amakhulupiriradi zimaonekera m'mawa wa tsiku limene wagweranso m'tchimo lomwe analumbira kuti sadzalibwereza. Kodi amagwada n'kupemphera, kapena amayamba wabisala kaye masiku angapo mpaka adzimve kuti wayera? Zimaonekeranso tsiku limene zonse zamuyendera: wawerenga Baibulo, wasala kudya, wapereka, sanakalipire munthu. Akayang'ana mnzake amene zamukanika, mumtima mwake mumabwera chifundo, kapena kachimwemwe kobisika koti ine ndiye sindili choncho?

Masiku awiri amenewa, lakugwa ndi lakupambana, ndiwo ndiyesere njira zinayi zimene Akhristu akhala akuyendamo kuyambira kale. Sindili pakatikati ayi, ndili ndi njira imene ndimaikhulupirira ndipo muiona. Komabe njira iliyonse ili ndi chifukwa chimene anthu oona mtima amaikondera, ndipo n'kulakwa kuitaya tisanamve chifukwacho.

Njira ya kudzilimbikira wekha

Dzina lodziwika kwambiri pa njira imeneyi ndi la Pelagius, mphunzitsi wochokera ku Britain amene ankakhala ku Roma chakumapeto kwa zaka za m'ma 300. Sanali munthu wotayirira. Chimene chinkamupweteka mtima chinali kuona anthu odzitcha Akhristu akuchimwa mwadala, kenako n'kumati ndife anthu, thupi n'lofooka. Atamva pemphero la Augustine, bishopu wa ku Hippo kumpoto kwa Africa, loti Mulungu apatse chimene akulamula ndipo alamule chimene akufuna, Pelagius anakwiya. Kwa iye pemphero lotere linkachotsa udindo pa munthu. Ankati Mulungu wolungama sangalamule chinthu chosatheka. Ngati wati khalani oyera, ndiye kuti mphamvu yokhalira oyera tili nayo kale. Tchimo la Adamu ankaliona ngati chitsanzo choipa chabe, ndipo chisomo ankachimva ngati ufulu wosankha umene tinalengedwa nawo, malamulo, chiphunzitso, chitsanzo cha Yesu, ndi kukhululukidwa kwa machimo akale.

Ubwino wa njirayi ndi woti siseka ndi tchimo. Imamuuza munthu kuti dzuka, usanamizire satana kapena makolo ako. Mawu amenewa ena a ife timafunikadi kuwamva.

Koma iyeseni pa masiku awiri aja. Tsiku lakupambana imabala Mfarisi wa pa Luka 18. Tisaiwale kuti Mfarisi uja sananame: ankasaladi kudya kawiri pa sabata, ankaperekadi chakhumi cha zonse. Koma pemphero lake linasanduka lipoti la ntchito, ndipo kuti lipotilo likome panafunika wokhometsa msonkho woti amuloze chala. Yesu anati wopita kwawo ali wolungamitsidwa anali uja anangodziguguda pachifuwa. Tsiku lakugwa, njirayi ilibe chonena kupatula kuti limbikanso. Munthu amene walimbika kakhumi n'kugwa kakhumi amafika pamene anafika Paulo pa Aroma 7, pamene akuti chabwino chimene akuchifuna sachichita, koma choipa chimene sachifuna n'chimene amachita. Matenda ali m'kufuna kwenikweniko, ndiye ungauze bwanji kufuna kodwalako kuti kudzichize kokha?

Msonkhano wa mabishopu ku Carthage unakana chiphunzitsochi mu 418, ndipo wa ku Efeso unachikananso mu 431. Koma chifukwa chachikulu anali atachilemba kale Paulo pa Agalatiya 2:21: ngati chilungamo chimabwera ndi lamulo, Khristu anafa pachabe.

Njira yogawana: mbali yanga, mbali ya Mulungu

Apa ndi pamene ndikhalitsepo, chifukwa ambiri a ife tili pano, ngakhale amene timaimba za chisomo mokweza. Ndi anthu ochepa amene anganene poyera kuti adzadzipulumutsa okha. Koma ambiri timayenda ngati chipulumutso ndi katundu amene tanyamulizana ndi Mulungu, iye mbali yolemera, ife mbali yopepuka, koma tikangotaya mbali yathu katundu yense wagwa.

Njirayi ili ndi nkhope ziwiri. Yoyamba imati ine ndiyambe, Mulungu amalize. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, choncho wochimwa ndiye ayambe kufunafuna, ndipo Mulungu akaona kuti wayesetsa adzamuthandiza. Pano ndi pamene pamachokera mawu aja akuti Mulungu amathandiza wodzithandiza, amene ambiri amaganiza kuti ndi vesi pomwe m'Baibulo mulibe. Maganizo otere anafala pakati pa amonke ena kumwera kwa dziko limene lero ndi France, ndipo mu 529 msonkhano wa ku Orange, motsogozedwa ndi bishopu Caesarius wa ku Arles, unayankha kuti ngakhale chiyambi cha chikhulupiriro ndi chilakolako chofuna kuyeretsedwa ndi mphatso ya Mzimu Woyera. Tikadzuka kukatsekula chitseko, timapeza kuti wina anali akugogoda kale.

Zaka pafupifupi chikwi pambuyo pake, Martin Luther analowa m'nyumba ya amonke ku Erfurt mu 1505 ndipo anaphunzira chiphunzitso chakuti munthu akachita zonse zimene angathe, Mulungu samumana chisomo. Mawu okoma m'khutu, koma ali ndi mbedza mkati. Ndidziwa bwanji kuti ndachita zonse zimene ndingathe? Kodi sindikanapemphera ola lina? Kodi kulapa kwanga kunachokeradi pansi pa mtima, kapena ndinangoopa chilango? Luther ankaulula machimo ake kwa nthawi yaitali kwa mkulu wake Johann von Staupitz, n'kutuluka ali ndi nkhawa yomweyo. Mpumulo anaupeza pa Aroma 1:17, atazindikira kuti chilungamo cha Mulungu chotchulidwa pamenepo ndi chimene Mulungu amapatsa wokhulupirira, pomwe iye ankachimva ngati muyeso umene Mulungu amalangira nawo. Mbali ya munthu ingachepe bwanji, ngati chipulumutso chakoloweka pa iyo, mtima woona sudzagona tulo.

Nkhope yachiwiri ndi yobisika kwambiri. Imati Mulungu anayamba, ine ndimalize. Chisomo chinandilowetsa pakhomo tsiku limene ndinatembenuka mtima, koma kuti ndikhalebe m'nyumbamo ndiyenera kumalipira ndi khalidwe langa. Awa ndiwo anali matenda a Agalatiya. Sanakane Yesu, anangofuna kuwonjezerapo mdulidwe ndi kusunga masiku. Paulo anawafunsa mosabisa pa Agalatiya 3:3 ngati anali opusa chotero, kuti atayamba ndi Mzimu afune kutsiriza ndi thupi. Nkhani yomweyi inafika pa msonkhano wa ku Yerusalemu pa Machitidwe 15, pamene Petro anati asaike pakhosi pa ophunzira goli limene iwo ndi makolo awo analephera kulisenza.

Ine ndinakhala m'njira imeneyi zaka zambiri osadziwa. Ndinkasunga kaundula mumtima. Sabata imene ndadzuka m'mamawa kupemphera masiku onse, ndinkapempha zinthu kwa Mulungu molimba mtima, ngati munthu wokatenga malipiro ake. Sabata imene ndakwiyira wina kapena ndanama, ndinkaleka kupemphera, n'kudikira kuti ndichite kaye zabwino zingapo. Ndinkayesa kuti kumeneko n'kuopa Mulungu. Koma kunali kunena kuti mwazi wa Yesu ndi wokwanira pa machimo anga akale okha, ndipo atsopanowa ndiwalipira ndekha. Chinandiwawa kwambiri nditachiona n'chakuti ndinali wouma mtima kwa anthu. Munthu amene akulipira yekha samva bwino kuona mnzake akulandira zaulere.

Yesu anaudziwa mtima umenewu. M'fanizo la pa Luka 15 timakonda kuona kusiyana kwa ana awiri aja, koma pa chinthu chimodzi ankafanana: onse ankaganiza ngati antchito. Wamng'ono pobwerera anakonza mawu oti atate ake amuyese ngati mmodzi wa antchito awo olipidwa, koma atatewo anaitanitsa mwinjiro, mphete ndi nsapato iye asanafike pa mawu amenewo. Wamkulu anaima panja n'kuwerengera atate ake zaka zimene wawagwirira ntchito ngati kapolo. Anali m'nyumba masiku onse, zonse za atate zinali zake, koma mbuzi imodzi ankaiona ngati malipiro amene wamanidwa. Pa Mateyu 20 antchito amene anapsa ndi dzuwa tsiku lonse m'munda wamphesa analandira ndendende zimene anapangana, koma anang'ung'udza poona olowa ola lomaliza akulandira zofanana nawo.

Pali mtundu wina wa njirayi umene sindingaudumphe. Ndi pamene kusala kudya, kuchezera usiku m'mapemphero kapena chopereka zisanduka ndalama zogulira yankho: ndapereka zakutizakuti, Mulungu tsopano ali ndi ngongole kwa ine. Zinthu zimenezi n'zabwino, ndipo Yesu pa Mateyu 6 analankhula za izo ngati zimene ophunzira ake azidzachita. Koma pamene Simoni wa ku Samariya anatulutsa ndalama kuti agule mphatso ya Mulungu, Petro pa Machitidwe 8 anamuuza kuti ndalama yakeyo iwonongeke naye limodzi. Amene amavulala kwambiri ndi chiphunzitso chotere ndi odwala amene sanachire ndi ofedwa amene anapemphera ndi mtima wonse, chifukwa amatsala ndi yankho limodzi lokha, loti sanachite zokwanira.

Chimene njirayi yagwira molondola n'chakuti Mkhristu ali ndi chochita. Kulakwa kwake n'kuika chochitacho pa sikelo imodzi ndi mtanda.

Njira yopinda manja

Munthu wotopa ndi njira ziwirizi amalumphira tsidya lina: popeza zonse ndi chisomo, zochita zanga zilibe kanthu. Funsoli ndi lakale ngati uthenga womwewo. Paulo analiyembekezera pa Aroma 6:1, kuti kodi tikhalebe mu uchimo kuti chisomo chichuluke, ndipo anakana kwamtuwagalu. Kalata ya Yuda imadandaula za anthu osandutsa chisomo cha Mulungu kukhala chilolezo cha zonyansa. Luther mwiniyo anatsutsana ndi mnzake Johannes Agricola chakumapeto kwa zaka za m'ma 1530, pamene Agricola ankati lamulo lisalalikidwenso kwa Akhristu. Mu 1937 m'busa wa ku Germany Dietrich Bonhoeffer analemba modzudzula chisomo chotchipa, chikhululukiro chopanda kulapa ndi chopanda kutsata Yesu, pa nthawi imene mipingo yambiri ya kwawo inkagonjera ulamuliro wa Hitler. Bonhoeffer anaphedwa mu April 1945 kundende ya ku Flossenbürg.

Palinso kupinda manja kooneka ngati kudzichepetsa. Ku London, m'gulu la Akhristu limene linkasonkhana ku Fetter Lane, ena ankaphunzitsa kuti munthu amene alibe chikhulupiriro chathunthu asamadye Mgonero kapena kuchita za chipembedzo, angokhala chete kudikira Mulungu, kuopa kudalira ntchito. John Wesley, woyambitsa gulu la Amethodisti, anakana zimenezi n'kuchoka m'gululo mu 1740. Lero timamva zofanana: ndidzapemphera Mzimu akandikhudza, ndidzamukhululukira Mulungu akandipatsa mtima wotero.

Njirayi imapereka mpumulo, ndipo wotopa amaufunadi. Koma tsiku lakugwa imamupatsa munthu mankhwala oletsa ululu n'kusiya bala likunyeka, ndipo mkazi amene wanyengedwa kapena mnzake amene waberedwa saoneka n'komwe m'nkhaniyo. Tito 2:11-12 imati chisomo chomwecho chimene chimapulumutsa chimatiphunzitsa kukana chisapembedzo ndi zilakolako za dziko. Chisomo chimene sichinakuphunzitseni kukana kalikonse, chikayikireni. Yakobo anati chikhulupiriro chopanda ntchito n'chakufa, monga thupi lopanda mzimu.

Njira ya khama lobadwa m'chisomo

Tikaiyang'ana kunja, njira imeneyi imafanana ndi yoyamba ija. Munthu akupemphera, akulimbana ndi mkwiyo wake, akubweza zimene anaba, akuchezera odwala. Kusiyana kuli pa dongosolo la zinthu, chimene chimayamba ndi chimene chimatsatira, ndipo Baibulo silisinthasintha pamenepa. Pa Eksodo 20, malamulo khumi asanayambe, Mulungu akunena kaye kuti ndiye anawatulutsa ku Ejipito, m'nyumba ya ukapolo. Anawaombola asanasunge lamulo ndi limodzi lomwe. Zakeyu sanalonjeze kalikonse ali mumtengo muja. Yesu ndiye anayamba kunena kuti lero ndikhala kunyumba kwako, ndipo pambuyo pake m'pamene munthu wokonda ndalama uja anati theka la chuma chake apatsa osauka ndipo amene anawanyenga awabwezera kanayi. Palibe lamulo limene likanamufinya zochuluka chotero. Aefeso 2:8-9 imati tinapulumutsidwa ndi chisomo, osati ndi ntchito, kuti wina asadzitame, ndipo vesi 10 nthawi yomweyo imati tinalengedwa mwa Khristu Yesu kuti tichite ntchito zabwino zimene Mulungu anazikonzeratu.

Paulo anazinena za iye mwini pa 1 Akorinto 15:10 m'njira imene munthu wa kaundula sangaimvetse: anagwira ntchito kuposa atumwi ena onse, komabe si iye, koma chisomo cha Mulungu chimene chinali naye. Sanati theka iye, theka chisomo. Ntchito yonse inali yake, thukuta lake, mikwingwirima pamsana pake, ndipo yonseyo inali mphatso. Afilipi 2:12-13 imatiuza kugwira ntchito ya chipulumutso chathu ndi mantha ndi kunthunthumira, n'kupereka chifukwa: pakuti Mulungu ndiye akugwira ntchito mwa ife, kufuna ndi kuchita komwe. Mawu akuti "pakuti" amenewo ndiwo asenza nkhani yonse. Nthambi ya mpesa ya pa Yohane 15 imabaladi zipatso, ndipo zipatsozo zimalendewera pa iyo, koma madzi ake onse amachokera ku tsinde.

Nanga pemphero, Malemba, Mgonero, kusala kudya, kusonkhana ndi abale? Wesley ankazitcha njira za chisomo, ndiye kuti mipita imene Mulungu analonjeza kukumanamo ndi anthu ake. Wopita kuchitsime amayendadi ndi miyendo yake n'kusenza yekha, koma sanganene kuti madziwo wawapanga ndi iye.

Tsiku lakupambana, munthu wa njira imeneyi amathokoza, chifukwa funso la pa 1 Akorinto 4:7 limamutsata: uli ndi chiyani chimene sunalandire? Tsiku lakugwa amamva chisoni chenicheni, mwinanso chozama kuposa cha wa malamulo, popeza walakwira womukonda. Koma amathamangira kwa Mulungu tsiku lomwelo, ali ndi matope omwewo, chifukwa Ahebri 4:16 imautcha mpando wachifumu wa Mulungu kuti ndi wachisomo ndipo imati tiuyandikire pa nthawi ya kusowa.

Isakunamizeni njirayi kuti ndi yofewa. Imapweteka kunyada, chifukwa simudzakhala ndi kanthu koloza n'kunena kuti ichi ndi changa. Ilibe sikelo yoti muziyezera mlungu ndi mlungu kuti mwafika pati. Siilonjezanso kuti chofooka chilichonse chichoka: Paulo anapempha katatu kuti munga wa m'thupi mwake uchotsedwe, ndipo yankho la pa 2 Akorinto 12:9 linali loti chisomo chimukwanira. Ndipo mtima umabwerera msanga ku kaundula. Ine ndimadzipeza ndabwererako kawirikawiri, makamaka zinthu zikamandiyendera bwino.

Kodi mipingo imagwirizana pa zimenezi?

Pa zambiri inde, pa zina ayi, ndipo kusiyanako n'kwenikweni. A chiphunzitso cha John Calvin, monga chinafotokozedwera pa sinodi ya ku Dort mu 1618 ndi 1619, amati chisomo chopulumutsa chimafikadi pa cholinga chake mwa osankhidwa. Otsatira Jacobus Arminius ndi Wesley amati chisomo chimayamba kufika kwa munthu aliyense n'kumupatsa mphamvu yoyankha, koma munthu angathe kuchikana. Mpingo wa Katolika pa msonkhano wa ku Trent mu 1547 unaphunzitsa kuti palibe chimene chimatsogolera kulungamitsidwa, kaya chikhulupiriro kaya ntchito, chimene chingagule chisomocho, komanso kuti munthu wodzutsidwa ndi chisomo amagwirizana nacho ndipo amasinthidwadi mkati. Achilutera ndi a Reformed amatsindika kuti maziko a kulandiridwa kwathu ndi chilungamo cha Khristu chimene timawerengeredwa, ndipo kusinthika kwa moyo kumatsatira ngati chipatso.

Pa 31 October 1999 ku Augsburg, Mpingo wa Katolika ndi Lutheran World Federation, bungwe la mipingo ya Chilutera pa dziko lonse, anasaina chikalata chovomereza pamodzi kuti timalandiridwa ndi Mulungu mwa chisomo chokha, pokhulupirira ntchito yopulumutsa ya Khristu, popanda kuyenera kwathu, ndipo timalandira Mzimu Woyera amene amakonzanso mitima ndi kutiitanira ku ntchito zabwino. Bungwe la Amethodisti la dziko lonse linavomereza chikalatachi mu 2006, ndipo la mipingo ya Reformed mu 2017. Si onse m'mipingo imeneyi anakhutira nacho. Koma ndaona kuti dzina la mpingo silikuuzani njira imene munthu akuyendamo. Mungapeze wodziwa bwino chiphunzitso cha chisomo chokha akukhala ngati mwana wamkulu uja, ndi wina wosadziwa mawu akuluakulu akupuma mwa Khristu n'kumatumikira mokondwa.

Ngati ndinu wotopa, woopa kugwada chifukwa cha zimene munachita dzulo, musadziwonjezere malumbiro ena. Pitani monga mulili, muulule tchimolo ndi dzina lake, ndipo mukhulupirire 1 Yohane 1:9 pamene ikuti iye ndi wokhulupirika ndi wolungama kukhululukira. Ngati ndinu womasuka kwambiri, amene mawu akuti chisomo akhala chofunda chobisira chinthu chimene mukudziwa kuti n'choipa, pali munthu amene muyenera kukamupepesa kapena kumubwezera chake, ndipo musadikire kuti mtima uyambe wafuna. Pemphani mphamvu, nyamukani mukupempha choncho.

Petro anadutsa m'njira yoyamba ija usiku umodzi wokha. Madzulo ananena kuti ngakhale onse akhumudwe, iye yekha ayi. Tambala asanalire anali atakana katatu. Pa Yohane 21, m'mbali mwa nyanja ya Tiberiya, atamva kuti woima pamtundayo ndi Ambuye, anadziponya m'madzi kulunjika kwa yemwe anamukanayo. Yesu sanamufunse za malumbiro atsopano kapena kumuika pa nthawi yoyesedwa. Anamufunsa katatu ngati amamukonda, ndipo pa yankho lililonse anamupatsa ntchito yoweta nkhosa, ntchito imene anamuuziratu kuti idzamufikitsa kumene iye sakanafuna kupita.